Ikanyowa Imagwira

Njinga yamagetsi ndinaigula chifukwa cha bondo. Bondo langa lamanzere linayamba kukana chitunda cha kusukulu kumene ndimaphunzitsa, moti m'mawa uliwonse ndinkalowa m'kalasi thukuta lili kamukamu ngati ndikuchokera kudimba. Mnzanga wina wa ku Limbe anandiuza kuti kwabwera njinga zogwiritsidwapo kale ntchito zimene ukangopalasa kamodzi zimakukankha zokha. Ndinagulitsa nkhumba ziwiri ndi nandolo wa chaka chimenecho, n'kupita kukaitenga. Inali yakuda, yolemera kwabasi, batire lake lili pansi pa chishalo, lotsekera ndi kakiyi.

Nditafika nayo pa Namitambo, akabaza anaizungulira n'kuyamba kukangana. Wina anati singakhale njinga yamoto chifukwa sikulira. Wina anati singakhalenso yakapalasa chifukwa mwini wake wakwera chitunda miyendo ili ngati ikusewera. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anangoti, "Aphunzitsi akhwima," n'kupitiriza kukazinga.

Ndinene kumene ndimakhala, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, malata ndinakhoma ndine, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo ndi la kwawo kwa mkazi wanga. Pamudzi wotere, chinthu cha mkamwini n'cha mbumba yonse: khasu, wilibala, wailesi, ngakhale ambulera mvula ikugwa. Ukakaniza sakutukwana ayi. Amangokupatsa moni wozizira, ndipo dzina loti woumira limakumata mpaka kumanda. Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala ndikulizemba dzina limeneli. Makamaka sindinkafuna kuti mbiri yoipa iliyonse ifike m'makutu mwa apongozi anga aakazi, amene nyumba yawo ili kuseri kwa nthochi zathu.

Apongoziwo ndi mayi wamfupi, wogulitsa tomato, wapakamwa pakuthwa kwa anthu ena onse kupatula ine, chifukwa ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatuka n'kunjuta chotembenuka, ine n'kuvula chipewa n'kumayang'ana chimanga cha eni ake ngati ndikufuna kuchigula. Moni tinkapatsana chomwecho, wina akuyankhula ndi mtengo, wina ndi chimanga. Sitinakhalepo pamphasa imodzi, ngakhale kugwirana chanza. Ambiri anazisiya zimenezi, ena amatiseka, koma ine ndinkazikonda. Munthu amene sanakuyang'anepo kumaso amakuganizira zabwino zokhazokha, ndipo ine ndinkafuna kuti zikhale choncho mpaka kalekale.

Amene anandisokoneza anali alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga. Iwo anakwatira kutsidya kwa mtsinje, koma poti ndiwo eni mbumba, kuno safika ngati mlendo. Milungu iwiri yoyamba anaibwereka kanayi. Sankapempha n'komwe. Ankangoima pabwalo n'kunena kuti, "Alamu, kanjinga kaja." Ulendo wachinayi anapita nayo mpaka ku Njuli, moto n'kuwathera panjira, ndipo inabwera mawa lake ili pamwamba pa matumba a makala, nyali itasweka. Anandidandaulira kuti njinga yanga ndi yosadalirika. Ndinapepesa. Mkamwini asamakule mwendo.

Mvula yoyamba itagwa, ndinapeza nzeru. Tsiku lina njinga ili pakhonde, itanyowa ndi madzi odontha kudenga, ndinaona alamu akubwera atafunda jumbo kumutu. Ndinadikira afike pafupi, ndinagwira chiwongolero, kenako ndinadumpha n'kuyamba kukutumula dzanja ngati ndagwira mbaula.

"Bwanjinso, alamu?" anafunsa.

"Yandigwira."

"Yakugwirani bwanji?"

"Magetsi. Ikanyowa imagwira imeneyi. Ogulitsa aja anandichenjeza, ine n'kuiwala."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Koma alamu si munthu wopusa. Anaganiza kaye, kenako anati, "Nanga dzulo si munapita nayo kusukulu kukuwaza?"

Apa ndi pamene ndikanalekera. Ndikanangoseka n'kuwapatsa kiyi. Koma bodza likayamba kuyenda bwino limakoma pakamwa. Ndinatsitsa mawu n'kuyang'ana uku ndi uku.

"M'manjamu sizivuta kwenikweni," ndinatero. "Choopsa n'chakuti batire lili pansi pa chishalo. Imagwirira kumeneko, pang'onopang'ono, iwe osamva kanthu. Akuti mwamuna ukaikwera pamvula kangapo, basi, wagwa m'papaya."

"Nanga inuyo?"

"Ine ana anayi aja akwana. Panopa ndikusamala bondo."

Alamu anali atangokwatira kumene kachiwiri chaka chomwecho. Anachiyang'ana chishalo chija nthawi yaitali. Kenako anati akumbukira kuti kumene amapita si kutali, angoyenda wapansi.

Dzinja limenelo ndinalimva kukoma, sindinama. Kukwera njinga yamagetsi pamvula kuli ndi malamulo ake, ndipo ndinawaphunzira ndi matako. Kagalasi koonetsa moto wotsala ndinkakamanga jumbo ya shuga. Pa katondo wonyowa ukaika moto wambiri, tayala lakumbuyo limazungulira pamalo amodzi kenako n'kukutayira m'ngalande, choncho umachepetsa moto n'kumapalasa mofatsa. Pa makande matope amadzadza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kuima, ndiye ndinkayenda ndi kamtengo kokolopolera m'thumba la jekete, pamodzi ndi choko. Mabuleki akanyowa amachedwa kumva, umayamba kuwapempha udakali patali. Koma ukafika pachitunda, akabaza akukankha zawo mitu ili pansi, iwe n'kuwadutsa mwakachetechete madzi akuyenderera pachipewa, umamva ngati dziko lakukonda. Ankandipatukira msanga, ena mpaka kulowa m'munda. Amuna okhala pabawo ankandiyang'ana n'kumapukusa mitu. Ndinkaganiza kuti ndi kaduka.

Palibe anabweranso kudzabwereka. Ngakhale tsiku loti kwacha ndi dzuwa, anthu ankati mwina mkati sinaume.

Mkazi wanga ndi amene anandiuza kumene bodza langa linafika. Tsiku lina anabwera kuchokera kumjigo, anatula ndowa mwamphamvu mpaka madzi kutayika, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Inu, mwawauza chani anthu?"

"Za chani?"

"Amayi atatu andigwira paphewa lero. Akuti ndilimbe mtima, banja si zokhazo."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Iye sanaseke. Anati ndikakonze ndekha zimene ndinawononga, ndipo ndinalonjeza kuti ndikonza mvula ikatha. Mumtima ndinkawerengera kuti mvula ikatha kubwera chiperoni, chiperoni chikatha ndidzaona china.

Masiku omwewo apongozi anayamba kunditumizira thobwa Loweruka lililonse. Linkabwera m'kachigubu, mkazi wanga atanyamula, ndi uthenga umodzi: "Amayi akuti mumwe lonse, ana asalaweko." Linali ndi kakomedwe kena, kotsekemera koyamba kenako kowawira kukhosi, ngati muli muzu. Ndinanyada. Ndinati zaka khumi ndi zinayi za ulemu zayamba kubala zipatso. Mkazi wanga ankandiyang'ana ndikumwa, milomo ataimanga.

Kenako linafika Loweruka lina mu February. Kunali mvumbi, tsiku lachitatu osakata. Mlamu wanga wamng'ono, chitsiriza cha apongozi, anali kuchidikiro kuchipatala cha ku Namitambo ndi mimba yake yoyamba. Apongozi ndi amene ankamudikirira kumeneko, koma dzulo lake anali atabwera kumudzi kudzatenga ufa ndi nkhuni. M'mawa umenewo foni ya mkazi wanga inalira. Matenda anali atayamba, mwana sanagone bwino, ndipo anamwino anati amutumiza kuchipatala chachikulu kuboma. Ambulansi inali m'njira. Mtsikanayo ankangolira kuitana amayi ake.

Tinaimbira anyamata a njinga zamoto awiri. Onse anakana, anati njira ya kwathu yafa. Wapansi ndi maola awiri, ndipo ambulansi sidikira munthu amene akuyenda wapansi. Ndinatulutsa njinga, ndinamanga jumbo pakagalasi, ndinapinda chiguduli pakaliyala. Apongozi anali ataima kuseri kwa nthochi, kamtolo kali pamutu, atatipatsa msana monga mwa masiku onse. Mkazi wanga anali pakati, kunyamula mawu.

"Auzeni amayi akwere," ndinatero.

Anapita, n'kubwerako. "Akuti ayenda wapansi."

"Auzeni kuti akazi siwagwira."

Anapitanso. Ulendo uno anabwerako pang'onopang'ono, ndipo sanandiyang'ane mwaukali ngati masiku ena. Anati, "Akuti iwo sakuopa. Akuti ndi nkhalamba, ikawagwira palibe chimene chitayike. Koma inu mwavulala kale, ndiye sangalole kuti muwonjezere chifukwa cha iwo. Akuti mwana wawo mmodzi ali kuchipatala, safuna kuwononga wina."

Wina ameneyo ndinali ine. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Apongozi anali atayamba kale kuyenda, timiyendo tawo tikuterereka m'matope. Mkazi wanga anangoti, "Mawu amenewo ine sindinyamula. Kanenani nokha," n'kulowa m'nyumba.

Ndinakankha njinga mpaka kuwapeza. Ndinavula chipewa mvula ikundimenya pamutu, n'kuyang'ana nthochi yomaliza ya m'malire.

"Amayi," ndinatero kwa nthochiyo, "njingayi siimagwira. Ndinanama."

Anaima, osatembenuka. "Munanamiza ndani?"

"Alamu. Ankaibwereka kwambiri."

"Ikanyowanso?"

"Ngakhale inyowe bwanji."

Ndinkangomva madontho pamasamba a nthochi. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo tsiku limenelo ndinavomereza. Kenako apongozi anatula kamtolo, anakamanga pachifuwa ndi chitenje, n'kunena kwa mtengo wa mango umene unali patsogolo pawo kuti, "Tiyeni, nthawi yatha."

Anakhala cham'mbali pakaliyala, monga amakhalira amayi, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha pansi pa chishalo kuti asandikhudze. Pakati pa msana wanga ndi phewa lawo panali mpata woti nkhuku ikanadutsa. Ndinayamba ndi moto wochepa. Tinadutsa pabawo, pamene amuna anali atabisala pakhonde la golosale. Onse anaimirira. Mmodzi anavula chipewa ngati tikudutsa ndi maliro.

Mpata uja unatha pamtsetse woyamba. Katondo anali ngati sopo. Ndinagwira mabuleki, tayala lakumbuyo linapita kumanzere pamene ine ndinkapita kutsogolo, ndipo ndinangomva dzanja lalowa pa lamba wanga kumbuyo n'kukoka mwamphamvu mpaka mpweya kundithera. Ndinaponda pansi ndi mwendo wa bondo lodwala lija, njinga inawongoka, tinapitirira. Dzanjalo silinachoke. Ine ndinayang'ana kutsogolo, iwo anayang'ana minda.

Kawiri tinaima kuti ndikolopole matope. Kachiwiriko anandilanda kamtengo n'kukolopola okha, mwachangu kuposa ine, akung'ung'udza kuti aphunzitsi manja awo anazolowera choko.

Pamtsinje tinapeza madzi atakwera pamwamba pa kamlatho ka mitengo, ofiira, ofika m'mawondo. Apa ndiye panali choopsa chenicheni, osati chabodza chija. Mvula njinga imeneyi siiopa, koma batire likamira m'madzi, ulendo wathera pomwepo. Ndinalitsekula ndi kakiyi n'kulisolola. Kenako ndinaima ngati chitsiru, batire m'manja, njinga yofunika kuisenza paphewa, manja awiri okha.

"Bweretsani kuno," anatero apongozi.

Anavula chitenje chamkati chimene chinali chouma, analikulunga, n'kulibereka kumsana ngati khanda, mfundo pachifuwa pamwamba pa kamtolo kaja. Chinthu chimene mudzi wonse unkachithawa chinawoloka mtsinje chili kumsana kwa apongozi anga. Iwo anatsogola ndi ndodo, akufufuza mitengo ya mlatho ndi phazi. Ine ndinatsatira njinga ili paphewa, bondo likunditukwana.

Tili pakati pa madzi, anayankhula osatembenuka.

"Aphunzitsi."

"Amayi."

"Ndiye zinazija, za papaya, nazonso?"

Ndikanakonda madzi anditenge. "Nazonso n'zabodza, amayi."

"Zonse zili bwino?"

"Zili bwino."

Anayenda mapazi awiri. "Ndiye thobwa lija ndisiye? Gondolosi ameneyu ndimakakumba kutali, kuphiri."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa njinga. Masabata asanu ndi atatu ndinakhala ndikumwa mankhwala a matenda amene ndinawapeka ndekha, n'kumanyada kuti apongozi andikonda. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, batire likugwedezeka nawo. Poyamba ndinayesa akuzizidwa. Ankaseka, mwakachetechete, mkati mwa mantha onse aja a mwana wawo.

Kutsidya ndinapukuta pokhala batire ndi ngodya ya chitenje chija, n'kulilowetsa. Ndinadina batani. Kagalasi sikanayake. Ndinalisololanso, ndinauzira, ndinapukutanso, ndinalikankha mpaka linalira kuti tha. Ndinadina. Kanayaka. Apongozi anali atakwera kale, dzanja lili pa lamba, osadikira mtsetse.

Chitunda chomaliza chili ndi miyala, sichiterera. "Kodi moto wake ndi womwewu?" anafunsa. Ndinati ulipo wina. "Onjezani," anatero. Ndinaika wonse. Njinga inakoka anthu awiri, kamtolo ndi matope ake omwe, mvula ikutibaya kumaso, ndipo sindinamvepo ikuthamanga bwino ngati tsiku limenelo.

Tinapeza ambulansi itafika, chitseko chakumbuyo chili chotsekula, akumukweza mtsikana uja. Atangoona amayi ake anatambasula dzanja. Apongozi anatsika njinga isanaimitsitse. Anathamanga mapazi angapo, kenako anaima, anatembenuka, n'kundiyang'ana kumaso. Kanali koyamba m'zaka khumi ndi zinayi. Ine chipewa chinali chitagwera mumtsinje, ndinalibe chovula, ndinalibenso chimanga choyang'ana.

"Kani muli ndi imvi kale," anatero. N'kukwera.

Mwana anabadwa madzulo ake kudzera pa opaleshoni, wamkazi, onse awiri ali moyo. Mlungu wonse umene anali kuchipatala ine sindinadye bwino. Ndinkadziwa chimene chikubwera. Apongozi akabwera anena, alamu amva, ndipo dzina limene ndinalizemba zaka zonsezi lindipeza litabereka linzake: woumira, wabodza.

Tsiku limene anabwera, anthu anadzaza pabwalo kudzaona khanda. Ine ndinakhala patali, pachitsa. Alamu sanachedwe.

"Amayi, akuti munakwera chinjinga chija pamvula. Sichinakugwireni?"

Apongozi anali akukonza kachipewa ka khanda. Sanafulumire.

"Imagwira imene ija," anatero. "Ine ndinaona ndi maso angawa munthu atagwidwa, m'mawa womwewo, pansi pa nthochi."

"Ndani?"

"Mwini wake. Anachita kuuma, chipewa m'manja."

"Nanga inuyo?"

"Ine sinandigwire. Ndine ndinagwira."

Anthu anang'ung'udza, ena akundiyang'ana mwachisoni. Mkazi wanga anabisa nkhope kuseri kwa mayi wina, mapewa akugwedezeka ngati a amayi ake. Ndinapuma. Koma apongozi anali asanamalize.

"Za mwana wangayu musadandaule," anatero, akuloza mkazi wanga ndi chibwano. "Bambowa anagwadi, koma ndinawadzutsa. Thobwa langa silinama."

Ndikanatsutsa bwanji? Kunena kuti thobwa silinandichiritse kunali kuvomera kuti sindinadwale, ndipo kuvomera zimenezo kunali kupereka kiyi kwa alamu pamaso pa mbumba yonse. Ndinangowerama. Anthu anati taonani ulemu wa mkamwini.

Chaka chotsatira tinabereka wachisanu, ndipo nkhani inatheratu. Amuna anayamba kufika kuseri kwa nthochi zathu mmodzimmodzi, aliyense akuti watumidwa ndi mnzake. Apongozi anasiya tomato. Lero tsiku la msika amagulitsa thobwa pa Namitambo, ndipo wowanyamula ndi chigubu chawo ndine. Tikafika sandilola kuchoka msanga. Amati ndikhale kaye pambali pa chigubu kuti anthu andione.

Alamu mpaka pano akaona mitambo amaidutsira patali njinga yanga. Ine ndi apongozi tikakumana panjira pali anthu, iwo amanjutabe chotembenuka, ine n'kuyang'ana chimanga. Koma panjinga amandiuza zonse: za mitengo ya shuga, za ana anga, za bondo limene akuti ndikulilekerera. Njira ya ku Namitambo mu October imakhala youma gwa, palibe poterera ngakhale pamodzi. Lamba amagwirabe.